Nsangwe za Alamu Anga a Yotamu

Loweruka lapitali tinavundukula chiliza cha alamu anga, a Yotamu Mbewe, patatha chaka chimwalirireni kuno kwa Kapelula. Ine ndinayala mkeka wanga kumbuyo kwenikweni, pamene ndimatha kuona wolowa ndi wotuluka, ndipo ndinamvetsera anthu akunama mosinthana. Mkulu wa mpingo anati malemuwa anali ofatsa, omva malangizo. Wapampando wa kalabu ya alimi anati malemuwa sanayambanepo ndi munthu, chikhalirecho iyeyo ndi amene a Yotamu anam'pirikitsa ndi ndodo chaka china atam'peza akuwaza fodya madzi kuti alemere pa sikelo. Amayi ena amene sanapondepo pakhomo nthawi yonse ya matenda analira mpaka kuchita kugwiridwa. Ndati ndilembe ndekha, chifukwa ndikawasiyira anthu amenewa, pofika chaka chamawa a Yotamu adzakhala atasanduka mngelo, ndipo adzukulu sadzadziwa kuti agogo awo anafa osaona pamene maso awo akanatha kuchira. Chinawatsekera njira ya kuchipatala ndi liwu limodzi lokha, ndi makani awo, ndipo penapake ndi ine.

A Yotamu anali akulu awo a malemu amuna anga. Ntchito yawo kuyambira unyamata inali yosankha fodya. Anayambira pa esiteti ina cha kwa Kaluluma, ndipo atabwerera kumudzi anamanga shedi yawo kuseri kwa zigafa zoumitsiramo fodya, kumene alimi a mbali yonse ino ankabwera ndi fodya wawo wa mtundu wa bale kuti aikidwe m'magiredi asanadindidwe m'mabelo pa jeke. Kusankha fodya si ntchito ya manja ayi, ndi ya maso. Tsamba la m'munsi ndi lina, la pakati ndi lina, la kunsonga ndi lina, ndipo pakati pa lofiirira ndi lofiira kwenikweni pali kusiyana kumene enafe sitiona mpaka wina atatilozera. Iwo ankaona asanaligwire n'komwe. Ankayamba ntchito dzuwa litakwera pang'ono, n'kusiya likangopendeka, ati kuwala kwa madzulo kumakometsa tsamba loipa. Munthu wodzola mafuta onunkhira sankaloledwa kulowa. Fodya sankasuta, sankafwenkha, ndipo ankati wosuta akayang'ana tsamba amangoona chibaba chake. Ukabwera ndi mawu ambiri oyamikira mbewu yako, ankakuuza kuti utule katundu ukadikire panja, poti iwo amafunsa tsamba, osati mwini wake.

Ine ndi iwo tinayamba ndi mkangano. Nditangobwera kumene kuno ku chitengwa, anasankha fodya wathu, ndipo atatuluka ine ndinayamba kuwerenganso ndindi zonse, timitolo ta masamba tija, imodzi imodzi. Anandipeza ndili pa ntchitoyo.

"Mlamu, mukuyesa ndadyako?"

"Sindikuyesa kanthu. Ndikuwerenga."

"Nanga zakwana?"

"Lero zakwana."

Anaseka mpaka kukhala pansi. Kuyambira tsiku limenelo ankauza anthu kuti m'mudzi muno muli mboni imodzi yokha, ineyo Nabanda, poti munthu amene sakhulupirira ngakhale abusa sangataye nthawi n'kukunamiza. Ndinkatenga ngati chipongwe cha pachilamu. Akazi awo atamwalira, kenaka amuna anga nawonso, tinatsala awiri okalamba pa bwalo limodzi, ine ndikuwatumizira chakudya, iwo akundibwezera mbale ndi madandaulo a mchere.

Za nyenyezi anazitenga pa esiteti paja. Chaka china kunabwera bambo wopima malo, wochokera kumpoto, amene anakhala miyezi ingapo m'chipinda choyandikana ndi shedi ya kumeneko. Anali ndi makina a miyendo itatu okhala ndi galasi loonera patali. Tsiku lina mdima utangogwa, mvula ili pafupi, analozetsa makinawo kum'mawa, pa kagulu ka nyenyezi kaja timati Nsangwe, n'kuuza a Yotamu kuti asuzumire. Nkhani imeneyi ndinaimva kambirimbiri moti ndikhoza kuinena ndili m'tulo. Ati pamene maso amaona nyenyezi zochepa zounjikana, m'galasimo zinali mbwee, ngati mbewu yotayikira pa nsalu yakuda. Wopima maloyo anawafotokozera zambiri, ndipo iwo zonsezo anazitembenuzira ku fodya, poti china chimene ankadziwa panalibe.

Ankati Nsangwe ndi nazale. Nyenyezi zonse za m'kagulu kaja zinabadwa nthawi imodzi, kuchokera mu mtambo umodzi wa fumbi ndi mpweya, monga mbande zofesedwa tsiku limodzi pa bedi limodzi. Ndiye ukaona ina yowala kwambiri, ina yozilala, sunganene kuti iyi ndi yakale kapena iyi ili pafupi. Kusiyana kwake ndi kukula basi. Ankati n'chifukwa chake anthu ophunzira amathamangira timagulu totere akafuna kudziwa mmene nyenyezi imakulira ndi mmene imafera, poti nyenyezi yoima payokha ili ngati tsamba lotola pamsewu, sudziwa munda wake, sudziwa tsiku limene linafesedwa. Zazikulu zimayaka moto wabuluu ngati wa owotcherera zitsulo pa senta, zimatha nkhuni zawo mosasamala, zimafufuma, zimafiira, n'kufa msanga. Zing'onozing'ono zimayaka monyinyirika ndipo zimakhalitsa. Choncho kagulu kamene kakadali ndi zabuluu ndi kanthete, ndipo kamene kangotsala ndi zachikasu ndi zofiira ndi kokalamba. Akafika apa ankadzitama, ati ophunzirawo ndi makina awo onse ntchito imene amagwira ndi yomweyi ya iwo, kuyang'ana mtundu n'kupereka giredi.

Nzeru imeneyi anavutitsa nayo anthu. Nazale yawo ikachita bwino ankagawa mbande za bedi limodzi kwa alimi anayi kapena asanu, osapempha kanthu, ndipo anthu ankati ndi chifundo. Sichinali chifundo, unali msampha. Nthawi yosankha ikakwana ankayala fodya wa onsewo pa tebulo limodzi, n'kuwaitana. Wina akayamba kunamizira mbewu, iwo ankamudula, ati mbeu inali imodzi, tsiku linali limodzi, mvula inali imodzi, ndiye kusiyanaku ndi iwe. Ena anasiya kulandira mbande zawo chifukwa cha manyazi amenewo. Inenso sanandisiye. Pansi pa Nsangwe pali kagulu kena kooneka ngati mphanda, kokhala ndi nyenyezi imodzi yofiira, yowala kuposa zinzake. Ankati imeneyo si ya m'kagulumo ayi, inangoima pa njira pakati pa ife ndi eni malo, koma ndiyo imaoneka kwambiri. Ankailoza pagulu n'kunena kuti ameneyo ndi Nabanda, wobwera, wofiira ndi ukali, koma woonekera kuposa eni mudzi.

Miyezi yodinda mabelo, kukamazizira, ankaloza kum'mwera kumene kuli kadontho kotuwa, kosadziwika bwino ngati ndi nyenyezi kapena kamtambo. Kameneko ankakatcha belo. Ati ndi nyenyezi zosawerengeka zopanikizana pamodzi, zakalekale, ndipo mabelo otere azungulira Mlalang'amba wonse, koma ambiri ali mbali imodzi ya thambo. Ati poona zimenezo ophunzira anazindikira kuti ife sitili pakati pa Mlalang'amba, tili cha kumphepete. Amuna anga anawayankha tsiku lina kuti zimenezo sizilira galasi, aliyense wa kwa Kapelula amene anadikirapo galimoto ya ku Boma nthawi ya dzinja amadziwa kale kuti tili kumphepete.

Ine zonsezi ndinkazimvera ndi khutu limodzi. Munthu wobwera, wogona miyezi ingapo n'kupita, angakuuze chilichonse, podziwa kuti sudzam'pezanso kuti um'funse. Koma mwana wawo wamkazi, Esinati, amene tsopano ndi mphunzitsi kwa Kaluluma, anadzandiuza atakula kuti zambiri zimene ababa ake ankanena n'zoona, ophunzira amaterodi. Cholakwika chinali chimodzi chokha, liwu lija lakuti msanga.

Chaka chilichonse kumapeto kwa Novembala, mbande zikudikira mvula kuti tiwokere, a Yotamu ankakwera chulu cha kuseri kwa nyumba yawo mdima utangogwa, n'kuwerenga Nsangwe. Ali mnyamata ati ankaona khumi ndi imodzi. Ine sindinavomerepo. Ndinkaona zisanu ndi ziwiri, ndipo ndinkawauza kuti zinayi zinazo ndi zongowonjezera kuti belo lilemere. Koma zaka zikupita, nambala yawo inayamba kutsika. Naini. Eyiti. Atafika pa seveni ndinati mwandipeza, tsopano mwayamba kunena zoona. Chaka chotsatira anati sikisi. Kenaka zisanu. Anatsika pachulupo nkhope ili ngwee ngati munthu amene mlandu wamukomera.

"Zayamba kufa," anatero. "Bambo uja anandiuza kuti zazikuluzo zimafa msanga. Ndinkati mwina sindidzaziona ndi maso angawa. Onani, Nsangwe zikutha ife tili moyo."

Anthu a m'mudzi muno ndi oipa mofatsa. Palibe anawatsutsa. Achibale ankayang'ana kumwamba n'kumati indedi, zatsala zisanu, kenaka n'kukasekera kuseri kwa nkhokwe. Alimi a kalabu ankavomera chilichonse bola fodya wawo asankhidwe. Wina mpaka anakanena ku tchalitchi kuti ndi chizindikiro cha masiku otsiriza, ndipo panapezeka ena oti amen. Ine ndinkaona zina. Ndinkaona munthu akuphonya chikho pofuna kuchigwira. Ndinkaona akutembenuza tsamba kawiri katatu n'kulinunkhiza, chinthu chimene kale ankanyozera anzawo. Masana ndikawayang'anitsitsa ndinkaona kachifunga koyera pakati pa diso, kaja timati ng'ala.

"Alamu, nyenyezi zili bwinobwino. Akufa ndi maso anu."

"Inu mwayamba liti udokotala?"

"Tsiku limene inu munayamba kuthira tiyi pambali pa kapu."

Sanandiyankhule sabata ziwiri. Mbale ankabweza ili yotsuka, popanda liwu ngakhale la mchere.

Kenaka mabelo anabwerera. Mlimi wina wa kutsidya kwa dambo, amene fodya wake anasankhidwa mu shedi ya a Yotamu, anatumiza mabelo atatu ku okushoni, ndipo awiri anabwezedwa, ati masamba ndi osakaniza, obiriwira ali pamodzi ndi ofiira. Zaka zonse zimene anagwira ntchito, zoterezi zinali zisanachitikepo. A Yotamu anati mwini fodyayo anasokoneza yekha podinda. Mwina n'zoona, poti munthu ameneyo ine sindim'khulupirira ngakhale pa moni. Koma ndinafuna kudzionera ndekha. M'mawa wina ndinatenga ndindi ya fodya wanga wofiira bwino, n'kubisamo masamba atatu obiriwira, oti ngakhale wodutsa pamsewu angawaone, ndipo ndinawapatsa. Anaitembenuza, anaisisita, n'kuiponya pa mulu wa giredi yapamwamba. Ndinaitola, n'kusolola masamba aja limodzi limodzi, n'kuwaika m'dzanja lawo. Mu shedimo munalibe munthu wina. Pamenepo pokha ndinawasungira ulemu. Kenaka anati lero kuli mitambo, kuwala sikuli bwino. Kumwamba kunalibe ndi kamtambo komwe.

Ndinatumiza uthenga kwa Esinati, ndipo anabwera Loweruka lotsatira. Anali atamva kuti madokotala a maso abwera ku chipatala cha ku Boma mwezi wa Ogasiti, ndi kuti ng'ala amachotsa, munthu n'kugonako tsiku limodzi kapena awiri, n'kubwerera akuona. Anakhala pakhonde ndi ababa ake, ine ndikutongola chimanga pafupi, dala.

"Ababa, msanga wa nyenyezi si msanga wa fodya. Bambo aja ponena kuti zimafa msanga ankanena zaka mamiliyoni ambirimbiri. Nsangwe zimene anaona agogo a agogo anu ndi zomwezi, ndipo zidzakhala zomwezi adzukulu anga atachita imvi."

"Mamiliyoni ndiye msanga?"

"Kwa nyenyezi, inde."

"Iwe Esinati, ndinakutumiza ku sukulu kuti udzandiuze kuti msanga ndi kuchedwa? Munthu uja ankayankhula Chichewa. Chinali chopindika ngati cha anthu onse a kumpoto, koma chinali Chichewa. Akanafuna kunena mamiliyoni akananena."

Esinati anatulutsa foni n'kunena kuti pali chithunzi. Iwo anati chithunzicho chinajambulidwa zisanafe. Esinati anati nanga bwanji anthu onse akuziona zili zokwana. Iwo anati anthu ake ati, poti aliyense amene anam'funsa anavomera kuti zachepa. Bodza la ulemu lija linali litabala. Esinati anayamba kulira. Ine ndinaponya chitsononkho pansi n'kuwauza kuti akuopa mpeni basi, asanamizire nyenyezi. Kunena zoona, nanenso madokotalawo sindinkawakhulupirira. Ndinali nditamva mphekesera zoti ena amapita ndi diso lawo n'kubwera ndi la mbuzi. Koma pakati pa mlendo wa mpeni ndi alamu anga, ndinaona kuti amene ndinam'gwira kale akunama ndi alamu anga.

Ndiye a Yotamu anapereka pangano. Anati Ogasiti sapita, poti nthawi imeneyo Nsangwe zimatuluka anthu ali m'tulo, ndipo iwo sadzukira nyenyezi ngati mfiti. Tidikire Novembala. Adzaima pachulu ndi ine, mboni yawo ija. Ndikadzaona zoposa zisanu, adzavomera kuti vuto ndi maso, ndipo adzapita ku Boma tsiku limene Esinati anganene. Ndikadzaona zisanu kapena kuchepera apo, nkhani ya chipatala idzathere pomwepo, asadzaimvenso. Esinati anandiyang'ana. Ndinavomera osaganiza n'komwe, mpaka ndinaseka mumtima kuti nkhalamba yadzikola yokha. Madokotala aja anabwera mu Ogasiti, anagwira ntchito yawo, n'kupita.

Novembala anafika ndi mitambo. Masiku angapo tinkakwera chulu n'kutsika osaona kanthu. Kenaka Lachisanu lina kunagwa mvula masana, fumbi ndi utsi zonse zinatsika, ndipo dzuwa litalowa thambo linali ngati latsukidwa. Esinati anafika pa kabaza. Anaima m'munsi mwa chulu, poti ababa ake anam'letsa kukwera, ati angandinong'oneze.

"Ine ndikuona zitatu," anatero a Yotamu. "Inu, mlamu?"

Ndinakweza maso. Kagulu kaja ndinakapeza pamalo pake, pamwamba pa mitengo ya bulugamu. Ndinayamba kuwerenga. Imodzi, ziwiri, zitatu, zinayi. Ndinapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Zinayi, ndi ina yachisanu yomabwera n'kuchoka. Kwinako chinali chifunga chabe. Apo m'pamene ndinakumbukira kuti panali patatha zaka zitatu kapena zinayi ndisanawerenge Nsangwe ndekha. Ndinkangonena seveni wanga wakale uja monga munthu amanenera dzina lake. Nthawi yonseyi ndinkalondera maso a eni ake, anga osawafunsa.

Ndikanatha kungoti seveni. Ndipo silikanakhala bodza lenileni, poti seveniyo analipo kumwambako ngakhale ine sindinkamuona. Esinati m'munsimo anali atagwira pakamwa. Koma ine moyo wanga wonse sindinachitirepo umboni chinthu chimene sindinaone ndi maso anga, ndipo lilime linakana. Ndinakhala chete mwina kupuma katatu kokha. Kwa a Yotamu zinakwanira.

"Mwachedwa, mlamu. Seveni sachedwa chotero. Nenani zimene mukuona."

"Zisanu," ndinatero. "Koma ndi maso anga, alamu. Nawonso ayamba."

"Ayi, ayi, pangano silinanene za maso anu. Esinati! Wamva? Amayi ako aang'ono akuti zisanu. Munthu amene sananamepo chibadwire!"

Anatsika chulu akuimba nyimbo ya ku tchalitchi, n'kupunthwa pa chitsa chimene chinakhala pamenepo zaka zambirimbiri. Esinati anadikira kuti ndifike pansi, n'kunena motsitsa mawu, "Amayi, kamodzi kokha. Mukanangonama kamodzi kokha."

Chaka chotsatira madokotala aja atabweranso, ndinapita ine. Sindinapite chifukwa chowakhulupirira, ndinapita kukatenga umboni. Ndinafunsa dzina la aliyense amene anandigwira, ndinakana mankhwala mpaka atandiwerengera zolembedwa pa botolo, moti namwino wina anati agogo ngati ine akanabwera khumi iye akanasiya ntchito. Anachotsa ng'ala ya diso lamanja, n'kuikamo kagalasi. Atamasula bandeji ndinaona makwinya a m'manja mwanga amene ndinali nditawaiwala, ndipo ndinaonanso kuti ku nyumba kwanga anthu akhala akusesa pakati pokha. Novembala atakwana ndinakwera chulu ndekha. Seveni, zoyera ngati mchere. Ndinapita molunjika pakhonde pawo.

"Alamu, zilipo zonse. Seveni. Ndaziona ndi diso ili."

"Diso liti? Limene anaikamo kagalasi kawo?"

"Lomwelo."

"Ndiye si lanu. Mboni yanga inali Nabanda wa maso ake. Uyu wabwerayu akuona zimene dokotala anamuikiramo."

Ndinawatukwana, Mulungu andikhululukire, mawu amene mkazi sayenera kuuza akulu a mwamuna wake. Ndinawauza kuti sindinamve kupweteka kuposa kulumidwa ndi mavu. Ndinawauza kuti ndiwaperekeza ndekha, ndikakhala pambali pa bedi, ndikawerenga mipeni yonse isanalowe ndi itatuluka. Iwo anati pangano ndi pangano, ndipo amene analitseka ndine.

Zaka ziwiri zomaliza sankaonanso ngakhale khomo. Alimi anasiya kubwera mmodzimmodzi, osatsanzika, ndipo oyamba kuthawa anali omwe aja ankavomera kuti zatsala zisanu. Komabe m'mawa uliwonse ankagwira chingwe chimene anamanga kuchokera pakhonde kukafika ku shedi, n'kukakhala mmenemo mpaka dzuwa kupendeka, ngati ntchito ilipo. Za nyenyezi sanasiye. Ankauza aliyense wodutsa kuti Nsangwe zatheratu tsopano, belo la kum'mwera lija nalo lazima, ndipo iwo ndi munthu yekhayo amene anaona nazale ya kumwamba mpaka kuzulidwa kwake. Nthawi zina ndinkaganiza kuti akukhulupiriradi. Nthawi zina ndinkamva kuti akunena mokweza kuposa mmene munthu wotsimikiza amanenera. Esinati anayesanso kawiri, mpaka anabwera ndi galimoto pakhomo penipeni. Iwo anadzitsekera m'nyumba, n'kumayankhira pa zenera kuti akudwala mutu. Anamwalira ndi chibayo mwezi wa Julayi, kukuzizira.

Mu shedi muja simunalowe munthu chaka chonsechi. Dzulo, alendo a chiliza atabalalika, ndinapita kukaona ngati sanabemo kanthu, poti nthawi ya mapemphero ndinaona amuna awiri akuzungulira cha kumeneko. Malata alipo onse. Chiswe chakwera nsanamira ziwiri za kumadzulo. Tebulo lalitali losankhirapo lili pomwepo, lakuda ndi utomoni wa fodya, ndipo m'mphepete mwake muli malo osalala pamene pankakhala chigongono chawo. Fungo la fodya silinachoke. Nditawerama kuti ndione ngati miyendo ya tebulo yadyeka, dzanja langa linagunda chikwama chokolekedwa ndi waya kunsi kwake, kumbali ya khoma, pamene makoswe sangafike ndiponso pamene munthu sangaone. Ndinachitsegula. Munali shati yoyera yopinda bwino, sopo wosayamba, kapu, thaulo, ndi kabuku kawo ka kuchipatala kokulungidwa m'pepala la pulasitiki. Ndi katundu wa munthu wokagona ku chipatala masiku awiri. Ndikudziwa, poti katundu wotereyu ndi amene ndinalongedza nanenso popita kukachotsa ng'ala. Sopoyo wauma mpaka kung'aluka, shatiyo yachita chikasu m'mapindo.

Sindidziwa anachilongedza liti. Kaya chinali kale pamenepo madzulo aja tinakwera chulu, chikudikira kuti ine nditi seveni, sindidziwa, ndipo woti ndim'funse palibe. Ndinakhala pa mpando wawo mpaka ukali unanditha. Kenaka ndinabwezera zonse momwe zinalili, n'kukolekanso chikwamacho pa waya. Esinati sindinamuuze.

Chitseko sichitsekekanso bwino, ndachitchinga ndi njerwa. Lero m'mawa ndasuzumira pa mng'alu. Dzuwa litakwera pang'ono kuwala kumalowabe pa zenera n'kugwa pakati pa tebulo, koyera bwino, koti munthu n'kuona tsamba lililonse mtundu wake, ndipo patebulopo pali fumbi lokhalokha.